Wokolopa Thukuta la Zimphona

Dzina langa simulipeza pa bolodi lowala lija.
Ndine Crisanto Dimaano wa ku Tondo,
zaka makumi asanu ndi zinayi,
msinkhu wolekeza m'khwapa mwa wosewera wamfupi kuposa onse.
Malo anga ali kuseri kwa mzati wa mkombero,
pa kampando kopanda chotsamira,
chikolopa chili njo! ngati mkondo wa mlonda.

Maiko asonkhana muno mu Manila
kudzalimbirana chikho cha basiketibolo.
Inu mumawadziwa ndi mbendera ndi nyimbo za fuko.
Ine ndimawadziwa ndi thukuta.
La ochokera kozizira limafulumira,
limayamba kudontha mpira usanaponyedwe m'mwamba.
La ena limadikira chigawo chachitatu
n'kukhuthuka ngati denga lathu mu Ogasiti.
Koma likafika pa matabwa lilibe dziko:
lonse n'lamchere, lonse limaterera.

Wezulo ikalira ndili ndi masekondi asanu ndi atatu.
Thamanga, werama, pukuta, choka.
Ndimadutsa pakati pa miyendo ngati khoswe m'nkhalango ya nsungwi,
pamwamba panga akutukwanizana m'zilankhulo
zomwe sindidzaziphunzira.

Kwathu tinkakhomera mkombero wa ndowa yakutha
pa mtengo wa magetsi,
n'kumasewera ndi masilipasi othothoka.
Jipini ikatulukira, tonse m'mbali,
ikadutsa, mpira upitirire.
Mkulu wanga Efren ankaponya osayang'ana,
mpira n'kumamumvera ngati galu wake.
Tsiku lina anaponda madzi a sopo
omwe wina anakhuthulira mumsewu atachapa.
Bondo linangoti thyo!
Lero amakankha ngolo ya nsomba zokazinga, akutsimphina,
ndipo mpira akauona pa kanema amatembenuka.
Musandiuze ine za kuchepa kwa dontho.

Athu anatuluka Lachiwiri.
Ndinalira m'chimbudzi, n'kusamba m'maso, n'kubwerera pampando.

Usiku wotsiriza, obiriwira ndi oyera,
kusiyana chigoli chimodzi chokha.
Nambala khumi ndi zinayi, mwana wa dzulodzuloli,
wolemba dzina la mayi ake padzanja,
anagwa chagada, phi!
n'kusiya msana wake wojambulika pansi
ngati mapu a chilumba chosadziwika.
Ndinachifufuta chilumbacho. Ndinabwerera.
Ndisanakhale, diso linandikoka:
kadontho kamodzi, kunja kwa mzere wokhota uja,
kakunyezimira ngati diso la nsomba.

Woimbira anali atatambasula kale mpira.
Ndinalowanso.
Anthu zikwi makumi awiri anakuwa, ena kuseka,
woimbira anandiyang'ana ngati ntchentche mu tiyi.
Ndinagwada,
n'kukapukuta ndi mkono wa malaya anga.

Masekondi anayi.
Mpira unachoka m'manja, unalowa m'manja ena,
mnyamata uja anathamanga, anatembenuka,
n'kuponda pomwepo, ndikunenetsa, pomwepo ndithu,
nsapato n'kulira tswii! n'kugwira.
Analumpha.
Bwalo lonse linati zii,
mpaka ndinamva mtima wa wojambula amene anali pambali panga.

Ngati unalowa kapena unakana, kafunseni nyuzipepala.
Ine ndinkayang'ana phazi.
Linatera bwino, bondo lili chiimire.

Kenako mapepala agolide anagwa ngati dzombe,
zimphona zikulira pamapewa pa zinzake,
chikho chikuyenda pamwamba pa mitu.
Mapepalawonso anali anga:
matumba khumi ndi limodzi, mpaka tambala woyamba.

Kunyumba ndinapeza Luzviminda akadali maso,
akutenthetsa mpunga wa dzulo ndi adyo.
"Wapambana ndani?" anafunsa, osatembenuka.
Ndinavula malaya, mkono wake utauma gwa ndi mchere wa mlendo.
"Palibe wathyoka," ndinatero.
Iye anandiyang'ana kanthawi,
n'kuwonjezera dzira m'chiwaya.